Piritsi Langa Ndikulipala ndi Sandipepa

Aphungu,

Musadabwe kulandira kalata yonunkhira utuchi, ndailembera pa benchi la ntchito. Ndine kalipentala, bambo wa imvi zoyamba kumera, ndipo ndinene poyambirira kuti sindikulemba ndikulira ayi. Mwana wathu wamkazi, woyamba kubadwa, ndi woyembekezera, ndipo mwezi wa mawa, Mulungu akalola, ine ndikhala agogo a munthu. Chimwemwe chodzaza tsaya! Koma chimwemwe chomwechi chandichititsa kanthu kena kamene sindinauze aliyense, ngakhale mayi akunyumba. Ndiye ndati ndiyambe ndi inu, poti simundidziwa nkhope.

Chaka chatha ndinadwala matenda amene sindinkadziwa n'komwe kuti alipo. Thupi linali bwinobwino, panalibe pomwe pankapweteka. Pakhomo panalibe maliro, panalibe ndewu, maoda a zitseko ndi makabati ankabwera monga mwa masiku onse. Koma ine ndinangozima. Ndinkafika ku shedi m'mawa, n'kutsegula loko, n'kugwira puleni yopalira matabwa, kenako n'kuima. Dzuwa linkafika pamutu ndili chiimire, thabwa lili chomwecho. Fungo la thabwa longochekedwa kumene, limene ndalikonda kuyambira ubwana wanga, linasanduka fungo wamba. Chakudya ndinkangomeza kuti anthu asandifunse. Wailesi ndinathimitsa, foni ndinasiya kuyankha, ndipo masana ndinkagona pa mulu wa matabwa kumbuyo, chitseko nditakoka, kuti makasitomala aziyesa ndachokapo. Ndisakubisireni, analipo masiku ena amene ndinkaganiza kuti a m'nyumba mwanga angapume nditachoka padziko.

Amene anandipulumutsa ndi mayi akunyumba. Ine ndimawatcha Akapitawo, chifukwa ngakhale sowo sanaigwirepo chibadwire, mpando uliwonse usanatuluke mu shedi muno amayamba auyendetsa chala, akamva pokhakhala umabwerera. Tsiku lina anabwera masana osandiuza, n'kundipeza nditagona pa matabwa paja. Sanakalipe. Ananditolera nsapato, n'kuziika patsogolo panga, amvekere, "Bambo, valani tizipita ku chipatala. Mukakana ndikuberekani kumbuyo, msewu wonse uone." Ndi munthu wamfupi, sandifika n'komwe paphewa, koma nditawayang'ana m'maso ndinaona kuti akhoza kuchitadi. Ndinavala.

Adokotala amene tinawapeza anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga. Anandifunsa zambiri, za tulo, za chakudya, za maganizo a imfa aja, ndipo ndikamachita chibwibwi ankandidikira. Pamapeto anati ndi matenda ovutika maganizo, matenda enieni monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo amachizika. Anandilembera timapiritsi toyera, limodzi m'mawa uliwonse, komanso anati ndizibwera kudzacheza ndi mlangizi wa pomwepo. Anandichenjeza kuti, "Mankhwalawa sagwira tsiku lomwelo ngati a mutu, muwapatse masabata angapo. Ndipo tsiku losiya likadzafika, sitidzasiya kamodzin'kamodzi, tidzachepetsa pang'onopang'ono." Mawu omalizawa muwasunge, Aphungu, chifukwa tiwapezanso kutsogoloku.

Masabata oyamba ndinadandaula kwabasi. Nseru, m'kamwa mouma, kuyasamula ngati mlonda, koma mtima uli chimodzimodzi. Ndinati mayi uja wandinamiza. Akapitawo ankaima pakhomo la kuchipinda ndi kapu ya madzi m'manja, osasuntha mpaka nditameza. Kenako, sindingatchule tsiku lake, zinthu zinayamba kubwerera chimodzichimodzi. Tulo tinabwera, njala inabwera, fungo la thabwa linabwera. M'mawa wina ndikumanga zingwe za nsapato ndinangomva mbale yagwa kukhitchini, phwaa! Kuthamangirako, ndinapeza Akapitawo agwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati, "Mwavulala?" Iwo anati, "Ayi, bambo. Likhweru." Kani ndinali kuimba likhweru osadziwa! Ine ndine munthu wa likhweru kuyambira kale, oyandikana nafe amati safuna wotchi, akamva likhweru amadziwa kuti kwacha. Linali litakhala chete miyezi yambirimbiri.

Kuchokera pamenepo, eee, moyo unakoma. Zitseko za anthu zimene zinachita fumbi ndinazimaliza zonse, ena ndinawawonjezera kampando kopepesera. Wailesi inayambanso kulira. Ndiye tsiku lina mwana wathu uja anabwera ndi mwamuna wake, atakhala pa sofa mwamanyazi, kudzatiuza za mimba. Mkamwini wangayo ndi munthu wa thupi, amagwira ntchito yophika buledi ndipo zikuoneka kuti amalawa, koma ndinamunyamula mwendo uli m'malere, msana unandiwawa sabata yonse. Tsiku lomwelo ndinakwera pa makwerero n'kutsitsa matabwa anga olimba amene ndinawabisa kudenga la shedi zaka zapitazo, amene ndinakaniza anthu ambiri, ndipo ndinayamba kabedi ka mwana.

Kabedi kameneka, Aphungu, ndikanakonda mukanakaona. Mulibe msomali ngakhale umodzi, ndi majointi okhaokha ndi guluu. Timizati ta m'mbali ndikutisalaza mpaka munthu akhoza kutinyambita, chifukwa ndikudziwa kuti mwini wake adzatitafuna mano akamadzamera. Kumutu ndasemako timbalame tiwiri, ngakhale Akapitawo akuti kamodzi kakuoneka ngati bakha. Sabata yatha anabwera kudzayendera, n'kupeza mbali ya kumutuyo ili mu kilampu, chitsulo chija timapanira matabwa tikamata guluu. Anati, "Tamasulani tikaimike tione, guluuyo wauma." Ndinawagwira dzanja, ndinati, "Musakhudze! Wauma kunja kokha, mkati sanagwire. Mukamasula pano kadzasweka mwana ali momwemo." Anachoka akung'ung'udza kuti ndimakonda matabwa kuposa anthu.

Tsono vuto linalowa chonchi. Shedi yanga ili pakati pa womata matayala ndi wowotcherera zitsulo. Wowotchererayo timamutcha Magalasi, chifukwa magalasi ake akuda aja sachoka pamphumi, ngakhale akudya. Ndi mnzanga wa zaka zambiri, pamene ndinkadwala ankanditsekera shedi ndikaiwala, koma pakamwa pake palibe mabuleki. Tsiku lina tikumwa tiyi, womata matayala ankatifotokozera mmene tayala la lole linamupulumukira n'kugubuduka kutsetsereka ndi msewu, iye pambuyo akukuwa, mpaka linakalowa mu shopu ya mayi wogulitsa mazira. Ndinaseka mpaka kugwa pa benchi, tiyi n'kunditayikira pa malaya. Magalasi anandiloza ndi supuni, amvekere, "Musiyeni aseke, amene akusekayu si kalipentala wathu, ndi piritsi lija." Onse anaseka, inenso ndinaseka. Koma mawuwo analowa ngati msomali wotsalira m'thabwa lakale, kunja suoneka, puleni ikadutsapo yabenthuka.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: ndikamaseka, akuseka ndani? Ndikamasisita kabedi kaja pamtima n'kutentha, ndi ine kapena ndi piritsi? Nanga tsiku limene adzandiike mdzukulu wanga m'manja, ndikadzalira ndi chimwemwe, misoziyo idzakhala ya yani? Izi zandipweteka kwambiri. Sindikufuna kulandira mdzukulu wanga woyamba ndi chimwemwe chobwereka ku chipatala. Ndiye ndinatsimikiza mumtima kuti mwanayo akamabadwa, ine ndikhale nditasiya mankhwala.

Ndinakumbukira mawu a adokotala aja akuti pang'onopang'ono. Ndinati, kodi ndani amadziwa kuchepetsa chinthu pang'onopang'ono kuposa kalipentala? Akapitawo ndinawauza kuti piritsi ndizikamwera ku ntchito ndi tiyi, ndipo poti anaona kuti ndachira, anavomera. Tsiku loyamba ndinayesa kulibenthula ndi tchizulo, chitsulo chosemera. Kungogogoda pang'ono, piritsi linadumpha n'kukabisala mu utuchi. Ndinakwawa pansi pa benchi mpaka mawondo kuyera, womata matayala atandifunsa chomwe ndataya ndinati kasikuluwu. Mawa lake ndinatenga sandipepa, yosalala ija timamalizira tisanapake vanishi. Ndinagwira piritsi ndi zala ziwiri, n'kulikhutiza pang'ono, n'kuuzira ufa wake. Pakapita masiku angapo ndimawonjezera kukhutizako. Aphungu, ntchito yake yokongola! Piritsi linali ngati batani la malaya, pano latsala ngati kambewu ka mpunga, losalala, mbali zonse zofanana.

Koma masabata awiri apitawa zinthu zayamba kundidabwitsa. Ndikadzuka pa benchi ndimamva chizungulire. Ndikatembenuza maso msanga, m'mutu mumachita ngati mwadutsa magetsi, zii, kenako n'kusiya. Ndikulota maloto opanda mutu, ndikutuluka thukuta popanda kutentha. Mtima wafupika, moti ndinakalipira mayi wina amene anangopempha kuti ndimusinthire chogwirira cha dilowa, mpaka lero ndikuchita manyazi. Ndiye dzana ndinadula kamzati kamodzi ka kabedi kaja mofupikitsa, ine amene ndimayeza kawiri ndisanagwire sowo. Ndinakhala pansi kamzatiko kali m'manja, ndipo kulemera kuja kwa chaka chatha kunasuzumira pakhomo. Sikunalowe, koma mapazi ake ndinawazindikira, ndipo ndinachita mantha.

M'mawa uno Akapitawo akundipatsa jekete anandifunsa, "Bambo, likhweru lija mwabwereketsa ndani?" Ndinati milomo yang'ambika ndi mphepo. Anaiyang'anitsitsa milomoyo.

Magalasi naye, ataona ndikugwiragwira mutu, wandibweretsera botolo la mankhwala a zitsamba, akuti amatsuka mapiritsi m'magazi. Akutinso chizungulire chotere mowa botolo limodzi madzulo chimatha. Sindinakhudze chilichonse, botololo lili pa shelefu pafupi ndi guluu.

Ndiye ndithandizeni. Kodi chizungulirechi chikutanthauza kuti ndasanduka kapolo wa mankhwalawa, ngati anthu a mankhwala osokoneza bongo? Ndipitirize kupala, kapena ndingosiyiratu ndilimbe mtima, poti latsala ndi kachidutswa? Tsiku langa lobwerera kwa adokotala lili patali, mwana adzakhala atabadwa kale. Akapitawo ndiwauze, kapena ndidikire nditsirize kaye ntchitoyi kuti ndidzawadabwitse ndi nkhani yabwino? Ndipo chachikulu, ndiuzeni mosandinyengerera: chimwemwe ndili nachochi ndi changa?

Ine,
W.T., kalipentala wa pakati pa matayala ndi zitsulo

*

Agogo a mawa,

Choyamba, ndakunyadirani, inu ndi Akapitawo, ndipo mkamwini wophika bulediyo mumupatse moni, koma musamunyamulenso. Chachiwiri, ikani sandipepa pansi. Lero, osati mukamaliza kuwerenga tsamba lonse.

Ndikuvomera kuti ndaseka. Pa nkhani ya tchizulo ndaseka mpaka mnzanga wa tebulo la pafupi kudzandifunsa ngati ndili bwino. Makalata a anthu osiya mankhwala mobisa ndalandirapo ambiri, ena amataya m'chimbudzi, ena amabisa pansi pa lilime, koma wosalaza piritsi mbali zonse zofanana ndinu woyamba. Nditafika pa kamzati kofupika kaja kuseka kunandithera, chifukwa pamenepo ndi pomwe pali nkhani yeniyeni. Mwatsala pang'ono kudzilanda chinthu chomwe mukuyesa kuchiteteza.

Pitani kwa adokotala mawa m'mawa. Tsiku limene analemba pa khadi lanu si mpanda, munthu akamva zachilendo amabwerera nthawi iliyonse, ndipo iwo amakondwera ndi wobwera msanga kuposa wobwera atagwa kale. Nyamulani paketi yonse ya mankhwala, kambewu ka mpunga kamodzi mwa timene mwapala, ndi botolo la Magalasi. Mukanene zonse momwe mwandiuzira ine: munayamba liti kupala, piritsi latsala lotani, chizungulire, magetsi a m'mutu, maloto, kupsa mtima, ndi kulemera kumene kunasuzumira pakhomo. Musakonzekonze nkhani kuti ikome. Mwina adzamwetulira, koma sadzakumenyani, ndipo sangakuthandizeni bwino pa zimene mwawabisira. Ngati mawa simungakwanitse kufika, imbani foni ku chipatalako kapena funsani katswiri wa ku famase kumene mumatengako mankhwala. Inu nokha musasiyiretu, ndipo musamwe awiri kuti mubweze amene munapala. Mlingo woyenera kuyambira pano atchule ndi iwo, ine ndine mphungu wa pa nyuzipepala, sindilemba mankhwala.

Mawu a adokotala munawasunga bwino, koma munadumpha kachidutswa kamodzi. Anati "tidzachepetsa," sanati mukachepetse nokha ku shedi. Kuchepetsa kwa iwo kumayenda ndi milingo yodziwika, ndipo pa sitepe iliyonse amaima n'kuona mmene thupi ndi mtima zikuchitira asanatsike ina. Inu mukauzira ufa uja simudziwa kuti mwataya mankhwala ochuluka bwanji, lero mwina mwamwa theka, mawa kachigawo kakang'ono, thupi n'kumangodabwa. Komanso mapiritsi ena amakutidwa dala ndi kakhungu kuti mankhwala azituluka pang'onopang'ono m'mimba, ndipo otere saloledwa kudulidwa kapena kuperedwa. Sindikudziwa ngati anu ndi a mtundu umenewo, inunso simukudziwa. Za utuchi ndi mchenga wa sandipepa umene mwakhala mukumezera limodzi, ndisanene.

Pa funso la ukapolo, mtima ukhale m'malo. Chizungulire, magetsi a m'mutu, maloto achilendo ndi kufupika mtima ndi zinthu zodziwika zimene zimachitikira anthu ambiri mlingo wa mankhwalawa ukatsika mofulumira. Thupi linazolowera kulandira mlingo wakutiwakuti, ndiye mwalisinthira osalichenjeza, likudandaula. Zimenezi n'zosiyana ndi za mankhwala osokoneza bongo. Kapolo wa mankhwala amakhala ndi chibaba, amafuna owonjezera, amatha kugulitsa zida zake kuti awapeze. Inu mukukwawa pansi pa benchi kuti mumwe ochepa. Koma kulemera kumene munakuzindikira mapazi n'kumene kukundidetsa nkhawa, chifukwa kukhoza kukhala kudandaula kwa thupi komweko, kapena matenda aja akubwerera. Wosiyanitsa ziwirizi ndi adokotala, n'chifukwa chake ndikuti mawa.

Pakadali pano, chizungulire chisanathe, makina ocheka a magetsi ndi makwerero zipume kaye. Mdzukulu adzafuna chala choti agwire, musamulande.

Mwina mukufunsa kuti, poti ndachira, mankhwala ndi a chiyaninso? Yankho munawapatsa nokha Akapitawo sabata yatha: "Wauma kunja kokha, mkati sanagwire." Kabedi mukukaleza mtima, koma mwini shedi mukumumasula kilampu guluu ali wamuwisi. Munthu akayamba kumva bwino, madokotala amalangiza kuti apitirize kumwa kwa miyezi ina, kawirikawiri yosachepera isanu ndi umodzi, ena nthawi yaitali kuposa pamenepo malinga ndi mmene matenda awo akhalira, kuti asabwerere m'dzenje. Kufuna kudzasiya si tchimo, muwauze adokotala momasuka kuti mumalakalaka tsiku limenelo, mupangane nawo nthawi yake. Koma muwauzenso za mwana akubwerayu. Nyengo imene pakhomo pali chipwirikiti, alendo, kulira kwa khanda ndi tulo toduladula, ngakhale ndi chipwirikiti chokoma, si nyengo yoyesera zatsopano. Ndipo kwa mlangizi uja musasiye kupita, funso limene mwandifunsa ine likufunika kukafika kwa iyenso.

Botolo la zitsamba lisatsegulidwe. Mulibe chomwe chikufunika kutsukidwa m'magazi mwanu, ndipo zitsamba zina zikakumana ndi mankhwala a mtundu wanuwu zimayambitsa mavuto oopsa, pomwe wogulitsa yekhayo sadziwa zonse zomwe zili m'botolomo. Mowanso ayi. Umawonjezera chizungulire ndi tulo, ndipo ukatha umasiya mtima pansi kuposa pomwe unaupeza. Mankhwala ena alionse, ngakhale a chimfine kapena a msana umene munauthyola ponyamula mkamwini, muzifunsa kaye musanaphatikize. Ndipo tsiku lina Magalasi kapena womata matayala akadzati wakhumudwa, mumubwereke piritsi limodzi, mukane. Mumutolere nsapato n'kumuperekeza ku chipatala, monga Akapitawo anakuchitirani inu.

Akapitawo auzeni lero, musanapite n'komwe kwa adokotala. Mukuganiza kuti sakudziwa? Munthu amene amamva pokhakhala ndi chala chimodzi, amene anagwetsa mbale chifukwa cha likhweru, waiyang'ana milomo yanu n'kuona kuti ndi yosalala. Sakudziwa za sandipepa, koma akudziwa kuti mwamuna wake akuzimiranso, ndipo akuchita mantha yekhayekha. Nkhani yabwino imene mukufuna kudzawadabwitsa nayo si imeneyo. Adzakalipa, muwasiye akalipe, ali ndi ufulu. Akatha, muwapemphe akuperekezeni, ndipo kapu ya madzi ija ibwerere pakhomo la kuchipinda.

Tsopano funso lanu lalikulu, ndipo mwati ndisakunyengerereni. Inde, chimwemwecho ndi chanu. Likhweru munkaimba musanadwale, anthu ankadzukira ilo, ndiye piritsi linaliphunzira kuti? Mankhwala amenewo akumwa anthu ambirimbiri, koma si onse amene akusema mbalame yooneka ngati bakha. Piritsi silidziwa dzina la mwana wanu, silinabise matabwa kudenga, silinagwe pa benchi chifukwa cha tayala ndi mazira. Mankhwalawa sapanga chimwemwe, ndipo munthu wosadwala akawamwa sayamba kuvina. Amachotsa chimene chinakupanikizani, kuti mwini wake adzuke. Mukafuna kudziwa nthawi imene simunali inu, kumbukirani bambo uja ankagona pa matabwa chitseko atakoka. Amene ananyamula mkamwini ndi kalipentala weniweni, ndipo Akapitawo anamuzindikira ndi khutu lomwe.

Anthu ena mankhwalawa amawachititsa kumva ngati mtima waphimbidwa, osakondwa, osalira, kapena amawasokoneza za kuchipinda. Zotere zikadzakuchitikirani muzidzanena kwa adokotala mopanda manyazi, chifukwa amatha kusintha mlingo kapena mtundu. Koma munthu wotaya tiyi pa malaya ndi kuseka, sindikuona kuti waphimbidwa.

Magalasi musamusungire chakukhosi, ndi mnzanu amene ankakutsekerani shedi, ndipo botolo lija wabweretsa chifukwa amakukondani, kungoti pakamwa pamathamanga kusiya mutu. Koma pa tiyi wotsatira mumufunse kuti akamawotcherera geti atavala magalasi, amene amawotcherera ndi iye kapena magalasiwo. Akati ndi iye, mumuuze awavule atsimikize. Mukatero mumuuzenso mwachifatse kuti nthabwala ija inakupwetekani mpaka kuti. Ndikukhulupirira kuti achita manyazi, ndipo sadzamunenanso munthu wina choncho.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo pano sindikuseka. Maganizo aja a chaka chatha, akuti a m'nyumba mwanu angapume mutachoka, akangobwera ngakhale pang'ono, musadikire mawa. Auzeni Akapitawo nthawi yomweyo, musakhale nokha mu shedi, mupite ku chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mukaona kuti simukugona koma mphamvu zili tho, maganizo akuthamanga osaima, kapena mukunjenjemera ndi kutentha thupi. Nthawi imene mlingo wa mankhwala ukusinthidwa ndi nthawi yoti anthu a pafupi azikuyang'anirani, ndiye muwalole.

Kamzati kofupika kaja ndikudziwa kale kuti simukaika pa kabedi. Mudzadula kena kokwanira, chifukwa mdzukulu wanu simungamugoneke pa chinthu choperewera. Agogo akenso musawafupikitse. Mwanayo akadzabadwa sadzafunsa chimene mwamwa m'mawa ndi kapu ya madzi. Adzangotembenuzira mutu kumene kukuchokera likhweru, ndiye pitani mukalitenge lisanapite patali.

Aphungu